Woikidwa impso asapatsidwe mankhwala mwachisawawa

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anthu amene ali pafupi ndi munthu woikidwa chiwalo cha mnzake, kaya ndi impso, chiwindi, mtima kapena mapapu. Ndikunena achibale, anzake, ogulitsa mankhwala, ngakhalenso madokotala ndi anamwino a m'zipatala zimene sizichita maopaleshoni oterewa. Wodwalayo amalangizidwa zambiri asanatuluke m'chipatala, ndipo ambiri amasunga malangizowo. Koma omuzungulira sauzidwa kanthu, chikhalirecho ndi iwowo amene amabwera ndi mapiritsi kapena botolo la zitsamba m'manja, ndi mtima wofuna kuthandiza.

Ine ndidapereka impso yanga yakumanzere kwa mng'ono wanga, amene adavutika nthawi yaitali pa makina osefa magazi. Ndiye mukamawerenga kalatayi mudziwe kuti nkhaniyi ili m'thupi mwanga momwe.

Thupi la munthu silidziwa kuti impso yatsopanoyo ndi mphatso. Asilikali a m'thupi amangoona kuti mwalowa chachilendo, n'kuyamba kulimbana nacho, ngakhale chitachokera kwa m'bale wa bere limodzi. Opaleshoni yoyamba ya impso imene idayenda bwino, ya dokotala Joseph Murray ku Boston mu 1954, idatheka chifukwa wopereka ndi wolandira adali mapasa ofanana ndendende. Enafe si mapasa, n'chifukwa chake wolandira chiwalo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi kwa nthawi yonse imene chiwalocho chili m'thupi mwake. Koma kufooketsako kulinso ndi malire. Dokotala Christiaan Barnard ataika mtima mwa Louis Washkansky ku Cape Town mu 1967, mtimawo udagwira ntchito, koma bamboyo adamwalira patapita masiku 18 ndi chibayo, thupi lake litatsala lopanda chodzitetezera. Mlingo wa mankhwalawa ukachepa chiwalo chikanidwa, ukachuluka matenda alowa kapena impso yomweyo iwonongeka. Kuli ngati kuwoloka mtsinje pa mtengo umodzi wopingasa, kumene kupendekera mbali iliyonse n'kugwera m'madzi.

Mng'ono wanga amamwa mitundu itatu: tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone. Tacrolimus amamwa m'mawa ndi madzulo, motalikirana maola 12, ndipo foni yake imalira pa nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, kaya ali paukwati kaya ali m'basi. Tsiku lokayezetsa magazi samwa wam'mawa ali kunyumba. Amaika makapisozi m'kachikwama, akatengedwa magazi m'pamene amameza, chifukwa madokotala amafuna kuona mlingo wotsikitsitsa umene watsala m'magazi asanawonjezere wina. Pa zimenezi sanalephere. Vuto lidachokera kwina.

Adadwala chifuwa, n'kupita ku chipatala china chapafupi. Adanena ndithu kuti ali ndi impso yoikidwa, koma womuonayo sadafunse mayina a mankhwala amene akumwa. Adamulembera clarithromycin, mankhwala abwinobwino amene anthu ambiri amachira nawo chifuwa. Pasanathe sabata ndidamupeza atagwira kapu ndi manja awiri, madzi akutayikirabe pachifuwa chifukwa cha kunjenjemera. Mutu unkamuwawa osaleka, ndipo mkodzo udachepa. Titaimbira foni madokotala ake a impso, funso loyamba lidali lakuti, "Wamwa chiyani chatsopano?" Magazi adaonetsa kuti tacrolimus wakwera kwambiri, ndipo creatinine, amene amasonyeza mmene impso ikusefera, nayenso wakwera. Adamusinthira mankhwala a chifuwawo, n'kumuchepetsera tacrolimus kwa kanthawi, impso idabwerera m'malo mwake. Ena sabwerera chonchi.

Chimene chidachitika n'chakuti tacrolimus, monganso mnzake cyclosporine, amaphwanyidwa m'chiwindi ndi m'matumbo asanatuluke m'thupi. Mankhwala ena amatsekereza ntchito imeneyi, ndiye tacrolimus amangounjikana m'magazi ngakhale munthu akumwa mlingo wake wa masiku onse. Otere ndi clarithromycin, erythromycin, fluconazole, ketoconazole, komanso ritonavir amene amapezeka m'ma ARV ena. Ena amachita zosiyana, amafulumizitsa chiwindi mpaka mankhwala oteteza impso kutha msanga m'magazi. Wamkulu pa amenewa ndi rifampicin wa chifuwa chachikulu, ndiponso carbamazepine ndi phenytoin a khunyu. Sindikuti munthu akane mankhwala a TB, ayi, TB imapha, makamaka kwa wofooka chitetezo. Ndikuti amene akuchiza TB ndi amene akuyang'anira impso alankhulane tsiku lomwelo, magazi aziyezedwa pafupipafupi, mlingo usinthidwe poyamba mankhwalawo ndiponso powamaliza.

Ngakhale mapiritsi opha ululu amene timapatsana popanda kuganiza kawiri ali ndi vuto. Ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo akakumana ndi tacrolimus impso imapanikizika kawiri. Madokotala a mng'ono wanga adamuloleza paracetamol yekha. Zipatso za manyumwa ndi madzi ake adamuletseratu, chifukwa nazo zimakweza tacrolimus m'magazi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya zitsamba ndi mankhwala amene amalengezedwa kuti amakweza chitetezo cha m'thupi. Abale abwino, otikonda, akhala akubwera nawo kunyumba. Amati, "Mwanayu chitetezo chake n'chotsika, amwe izi alimbe." Taganizani bwino, abale anga. Chitetezocho chatsitsidwa dala, ndi madokotala, pofuna kuti impso ikhale. Ngati botololo likuchitadi zimene lalembedwa, ndiye kuti likudzutsa asilikali omwe aja kuti akaukire impsoyo. Ngati silikuchita, tikumwetsabe munthu wa impso imodzi zinthu zimene palibe akudziwa kuti muli chiyani. Mawu akuti "n'zachilengedwe" asatipusitse. Mu 2000 madokotala a ku Zurich ku Switzerland adalemba za anthu awiri oikidwa mtima amene matupi awo adayamba kukana mitimayo atamwa chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene anthu amagula okha akamavutika maganizo. Chitsambacho chidatsitsa cyclosporine m'magazi mwawo. Ndipotu cyclosporine ndi tacrolimus omwewo adachokera ku tizilombo ta m'dothi, wina ku Norway wina ku Japan, umboni wakuti za m'chilengedwe zili ndi mphamvu, yochiza ndi yowononga yomwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Apa phulalo lingamubwezere munthu pa makina osefa magazi.

Palinso mawu ena amene amamveka okoma koma ndi oopsa: "Iwe wachira, taona mmene wanenepera, mankhwalawa ukumweranji?" Munthu akamaoneka bwino ndiye kuti mankhwalawo akugwira ntchito. Thupi likayamba kukana impso, nthawi zambiri munthu samva kupweteka kulikonse poyamba. Zimaonekera m'magazi, ndipo pamene miyendo ikutupa zinthu zimakhala zitapita patali. Kudumphadumpha mankhwala ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene anthu amatayira impso patapita zaka, makamaka achinyamata amene atopa ndi kumwa mapiritsi pamaso pa anzawo, kapena akuchita manyazi ndi nkhope yofufuma chifukwa cha prednisolone. Wachinyamata wotere akufunika womumvetsera, ndi womuperekeza kwa dokotala kuti akakambirane ngati mlingo ungasinthidwe. Prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litachepetsa kupanga mphamvu yofanana nayo, ndipo munthu angathe kukomoka.

Zina ndingozitchula mwachangu, poti mwini wake amazidziwa koma apanyumba ayenera kuzidziwanso. Akaiwala kumwa, asaphatikize milingo iwiri nthawi imodzi, aimbe foni afunse. Akamasanza osasunga mankhwala, kapena akatsegula m'mimba kwambiri, si zodikira mawa, chifukwa kutsegula m'mimba kumakwezanso tacrolimus pamene thupi likutha madzi. Kutentha thupi kwa munthu wotere kumafuna chipatala tsiku lomwelo. Wogulitsa mankhwala asamusinthire mtundu chifukwa choti dzina lamkati ndi limodzi: Prograf amamwa kawiri pa tsiku, Advagraf kamodzi, onsewo ndi tacrolimus koma salowana m'malo popanda dokotala. Akatemera okhala ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, monga wa chikuku ndi wa yellow fever, sabayidwa kwa iye, pamene ena monga wa chimfine amalimbikitsidwa. Chilonda chosapola kapena chotupa chachilendo pakhungu chikaonetsedwe msanga, poti khansa ya pakhungu imawapeza kwambiri anthu amenewa kuposa ena.

Kwa amayi ndi atsikana pali nkhani imene siyenera kuchitidwa manyazi. Impso ikayamba kugwira ntchito, mphamvu yobereka imabwerera msanga. Koma mycophenolate amachititsa kupita padera, ndiponso mwana angabadwe wolumala makutu, milomo kapena mtima. Mayi woikidwa impso angathe kubereka ndithu, ambiri abereka, koma mimbayo imakonzekeredwa: dokotala amayamba wasintha mankhwalawo, kawirikawiri n'kuika azathioprine, n'kudikira kuti aone ngati impso yakhazikika. Apongozi ndi amuna amene akufulumiza kuti mwana abwere amve zimenezi, ndipo njira zolerera zisasiyidwe dokotala asananene.

Masiku ano mng'ono wanga amayenda ndi khadi m'chikwama, lolembedwa mayina a mankhwala ake onse, milingo yake ndi nambala ya foni ya madokotala a impso. Pempho langa kwa madokotala, anamwino ndi ogulitsa mankhwala ndi lakuti munthu akatulutsa khadi lotere, liwerengeni musanalembe kanthu, ndipo ngati mzere wa odwala ndi wautali, foni ya mphindi ziwiri ikwanabe. Sakukuphunzitsani ntchito, akuteteza chiwalo chimene wina adagonera pa tebulo la opaleshoni kuti achipereke, kapena chimene banja lina lidavomera kupereka lili pa maliro.

Kwa inu akonzi, mukalandira malonda a zitsamba ndi mankhwala amene akuti amakweza chitetezo cha m'thupi kapena kutsuka impso, chonde uzani eni ake aikepo chenjezo looneka bwino, la zilembo zazikulu, lakuti munthu woikidwa chiwalo asamwe asanafunse dokotala wake. Akakana kuika chenjezolo, malondawo musawasindikize.

Ndine wanu,
Mayi wopereka impso