Tiphimbire mabedi a m'dimba nyengo youma ino

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga olima ndiwo zamasamba amene akudandaula kuti madzi akuchepa, chonsecho mabedi awo ali pamtetete, dzuwa likuwomba dothi tsiku lonse. Madzi ambiri amene timathira pa bedi lotere amauma ndi kutentha komanso mphepo mizu isanamwe mokwanira, ndipo pamwamba pake pamalimba gwa mpaka kung'aluka.

Chofunika ndi kuphimbira dothi ndi udzu wouma, mapesi oduladula kapena masamba oyoyoka, mokhuthala masentimita 5 mpaka 8, koma tiyambe tathirira kuti madzi alowe pansi, chifukwa kuphimbira dothi louma n'kungodzivuta. Ine ndinayesa pa bedi limodzi la tomato n'kusiya lina osaphimbira. Patapita masiku atatu ndinapisa chala pansi pa udzu ndipo ndinapeza dothi lozizira, lomata kuchala, pamene pa bedi linalo panali fumbi lokhalokha. Namsongole nayenso anachepa popeza sankaona kuwala.

Zolakwitsa zilipo, ndipo zina ndinazichita ndekha. Ndinayala udzu wokhwima njere, ndiye ndinakhala ngati ndadzala tchire ndi manja anga. Zophimbira zisagunde tsinde; tisiye mpata wa zala zitatu kuti lisaole komanso kuti nkhono zisapeze pobisala. Utuchi wa matabwa ukasakanikirana ndi dothi umalanda nayitirojeni, chakudya cha mbewu cha m'nthaka, pamene ukuola, motero masamba amachita chikasu. Pa nazale tiyale mopyapyala, ndipo tichotse zophimbirazo mbewu zikangoyamba kumera.

Ine wanu,
Mlimi wa m'dimba