Kapu ya mowa mumsewu wa ku America ili ndi malire ake

Akonzi,

Mutilole tiwongoleko nkhani ina imene imakhota anthu akamacheza za ku America. Ena akaona zithunzi za anthu akuzungulira m'tauni kapu ya mowa ili m'manja, mpaka kulowa nayo m'sitolo ya zovala, amati kumeneko munthu amamwa paliponse popanda womufunsa. Sizili choncho. M'mizinda yambiri ya dzikolo, kupezeka mumsewu ndi mowa wotsekula ndi mlandu wolipitsa chindapusa. Zimene zimaoneka pa zithunzizo zimachitika m'kadera kamene khonsolo yadula pa mapu, kokhala ndi maola ake ndi makapu ake.

Mizinda ngati New Orleans ndi Savannah inazolowera zimenezi kalekale, koma kufala kwake n'kwa posachedwa. Chigawo cha Ohio chinakhazikitsa lamulo lake mu 2015, ndipo madera otere chimawatchula kuti DORA (Designated Outdoor Refreshment Area), kutanthauza malo apanja osankhidwa kuti anthu azimweramo. Matenda a Covid-19 ataletsa anthu kudzadzana m'nyumba, eni mabala ndi malo odyera anadandaula kuti bizinesi ikufa, ndiye Michigan inavomereza mu July 2020, North Carolina mu September 2021, kumene mzinda wa Kannapolis ndiwo unayamba kukhazikitsa dera lotere. Ku Michigan ndi ku North Carolina madera otere amawatchula kuti social district. Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ku South Bend, inatsatira mu 2023. Cholinga sichinabisike: munthu wogula mowa asakhale pampando umodzi usiku wonse, ayendeyende, aone za m'masitolo, asiyeko ndalama ina.

Lamulo la chigawo limangopereka mpata, woyambitsa ndi khonsolo. Ku Ohio, mkulu wa mzinda amalemba pempho lokhala ndi mapu osonyeza malire, ndi mabizinesi a ziphaso zogulitsira mowa amene ali mkati. Pempholo limalengezedwa m'nyuzipepala, ndipo makhansala amagamula pakati pa masiku 30 ndi 60 chilengezocho chitatuluka. Chigamulocho chimayenera kutchula maola, kuchuluka kwa zikwangwani ndi pozika pake, anthu achitetezo amene adzafunike, ndondomeko ya ukhondo ndi osesa ake. Mzinda wa anthu opitirira 50,000 ungakhale ndi madera 6, lililonse losaposa maekala 640, omwe ndi mahekitala pafupifupi 259, ndipo pamafunika mabizinesi a ziphaso osachepera anayi. Mzinda wocheperapo umaloledwa madera atatu a maekala 320 ndi mabizinesi awiri. Zaka zisanu zilizonse khonsolo imaunikanso, ndipo ikhoza kuthetsa. Ku Michigan, bala iliyonse yofuna kulowa nawo imapempha chilolezo chapadera ku bungwe loona za mowa, cha madola 250, kuphatikizapo madola 70 a oyendera.

Zonse zimazungulira pa kapu. Siyenera kukhala yagalasi, chifukwa botolo likasweka limacheka mapazi ndipo pa ndewu limasanduka mpeni. Ku Michigan ndi ku North Carolina isapose ma ounce 16, omwe ndi mamililita 473, pafupifupi botolo limodzi ndi theka la mamililita 330. Iyenera kusonyeza dzina la bala imene yagulitsa komanso chizindikiro cha deralo. North Carolina imawonjezera kuti palembedwe mawu akuti "Drink Responsibly – Be 21", kukumbutsa kuti womwa akhale wazaka 21, ndipo lamulo limatchula ngakhale kukula kwa zilembo zake. Izi sizokongoletsa ayi. Wapolisi akaima patali amadziwa msanga ngati mowawo wagulidwa mkati mwa dera, ndipo akapeza munthu waledzera chapamtima, kapena mwana atagwira kapu, amadziwa khomo loti akagogode.

Koma kapu imayeza kuchuluka kwa chakumwa, siyeza ukali wake, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika. Ku America amawerenga magalamu 14 a mowa weniweni ngati chakumwa chimodzi. Kapu yodzadza ndi mowa wa maperesenti 5 imakhala ndi magalamu pafupifupi 19. Kapu yomweyo itadzadza ndi vinyo wa maperesenti 12 imafika magalamu 45, zakumwa zitatu ndi kakuposa. Mowa wambiri wofululidwa m'timafakitale ta m'tauni, umene umayenda malonda kwambiri m'madera amenewa, umafika maperesenti 7 kapena 8. Thupi limachotsa pafupifupi chakumwa chimodzi pa ola. Munthu woti wamwa makapu atatu m'mabala atatu amadziona ngati wamwa pang'ono, ndipo wogulitsa aliyense amalumbira kuti anamupatsa imodzi yokha. M'bala wamba, wothira mowa amaona kasitomala akusintha maso ndi mayendedwe, n'kumukana. Kunja kuno palibe amene akumuwerengera. N'chifukwa chake bala yosamala imathira vinyo ndi mowa waukali pa muyezo wanthawi zonse, osadzadza kapu chifukwa choti ndi yaikulu.

Cholakwika china chofala ndi kulowa m'bala ina ndi mowa wogulidwa kwina. Ku Ohio ndi ku Michigan n'zoletsedwa: umalize kapena utaye usanalowe. Chifukwa chake ndi milandu. M'zigawo zambiri bala ikhoza kuimbidwa mlandu ikagulitsa mowa kwa munthu woledzera kale amene kenako wavulaza wina, ndiye palibe mwini bala wofuna kusenza mtolo wa mnzake. Masitolo osagulitsa mowa ali ndi ufulu wolola kapena kukana. Mizinda yambiri, monga Raleigh, imagawa zomata za pazenera za mitundu itatu: kuno timagulitsa, kuno mungalowe nawo, kuno ayi. Vuto limabwera mwini sitolo akapanda kumata kalikonse. Mlendo amangolowa, wogulitsa amachita manyazi kumubweza, kenako vinyo wofiira watayikira pa nsalu zogulitsa. Sitolo yopanda chomata muziitenga ngati yakana.

Malire nawonso amagwetsa anthu. Mapu amajambulidwa motsatira kumene kuli mabizinesi, osati kumene anthu amayenda, choncho mzere ukhoza kudutsa pakati pa msewu, mbali ino n'kukhala mkati, tsidya linalo kunja. Chikwangwani chimodzi pa mtengo wa magetsi sichioneka usiku, makamaka kwa munthu amene akucheza. Kumene amachita bwino amalemba ndi penti pansi penipeni podutsa anthu, ndipo pomwepo amaikapo bini yotayamo makapu. Popanda bini, munthu amapitirira ndi kapu yake kapena amaisiya pakhonde la mwini nyumba. Ndipo kapu imeneyo siloledwa m'galimoto. Kuyambira 1998 boma lalikulu la dzikolo limakakamiza zigawo kuletsa mowa wotsekula m'galimoto, apo ayi gawo la ndalama zawo za misewu limapatutsidwa. M'zigawo zinayi tatchulazi ngakhale wokwera chabe saloledwa kuugwira. Kuchoka m'dera kupita koimika galimoto ndi mamita ochepa, koma mlandu wake ndi wina.

Makhonsolo amakonda kudula riboni, za zimbudzi amakumbukira mochedwa. Munthu womwera m'bala amagwiritsa ntchito chimbudzi cha m'balamo. Akatuluka ndi mowa wake, bala imene ali pafupi nayo singamulole kulowa ndi kapuyo, sitolo ya mabuku ilibe chimbudzi cha alendo, ndiye amakhotera kuseri kwa nyumba. Okhala m'nyumba zosanja za pamwamba pa masitolo ndiwo amayamba kudandaula, za fungo ndi phokoso lomwe. Maola akamathera cha m'ma 10 koloko usiku, mabala asanatseke, madandaulo amachepa, chifukwa omwa mochedwa amabwerera mkati. Pali nkhani ya makapu apulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi, amene amadzadza mabini Loweruka lililonse. Ena ayesa makapu a aluminiyamu, koma ndi odula, ndipo kapu yolimba anthu amapita nayo kunyumba, mawa n'kubwera nayo atathiramo wawo. Pofuna kutseka mpata umenewu, mizinda ina imalamula kuti wogulitsa alembe tsiku ndi nthawi pa chomata cha kapu.

Kwa abale athu amene ali kumeneko kapena akukonzekera ulendo: kudabwa kwa mlendo sikufafaniza mlandu, ndipo munthu wokhala pa viza safunika mbiri ya kupolisi ngakhale yaing'ono. Tengani chiphaso chosonyeza zaka zanu, chifukwa ngakhale waimvi amafunsidwa. Musabwere ndi mowa wa kunyumba kapena wogula m'golosale. Musagulire mnzanu wosakwana zaka 21, ngakhale kwathu kuno akanatha kumwa pa zaka 18. Onani maola pa chikwangwani, chifukwa madera ena amagwira masiku ochepa okha pa sabata, ndipo tauni yoyandikana nayo ikhoza kukhala yopanda dera lotere n'komwe.

Ndife,
Owerenga nyuzipepala yanu