Tiyambe tafufuza tisanagule zipangizo za galimoto

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi eni magalimoto anzanga, makamaka ife a m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota, pa mavuto awiri amene akutidyera ndalama mwakachetechete, omwe ndi kumisa kwa injini (kulira modumphadumpha ndi kugwedezeka) ndi kudontha kwa oyilo. Mwa ma Sienta, ma Probox ndi ma Vitz amene amanyamula anthu kuchoka pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Khombedza, ambiri amanjenjemera akangoima, ndipo akanyamuka amasiya madontho akuda pansi. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe chipangizo cha galimoto chimene chili chotsika mtengo, komabe chizolowezi chathu sichinasinthe. Galimoto ikamisa timathamangira mapulagi, ikapitiriza timagula makoyilo onse (zipangizo zimene zimapereka moto ku mapulagi), kenaka pampu ya petulo, mpaka ndalama imene ikanalipirira mwana sukulu ithere pa zinthu zomwe sizinali zowonongeka n'komwe. Kufufuza ndiko kuyenera kutsogola, ndipo mbali yaikulu ya kufufuzako munthu angathe kuichita pakhomo pake.

Kuti silinda iliyonse igwire ntchito pamafunika petulo wosakanikirana bwino ndi mpweya, moto wa pulagi wofika pa nthawi yake, ndiponso mphamvu ya pisitoni yopanikiza zonsezo popanda potulukira. Chimodzi chikasowa, silinda imeneyo imadumpha osaphulitsa, ndipo ndiko kumisa kumene timamva. Nthawi imene galimoto ikumisira imaulula zambiri. Imene imayenda bwino pa msewu wathyathyathya wa M5 koma n'kuyamba kugwedeza ndi kufooka pokwera zitunda za ku Mvera popita ku Lilongwe, kawirikawiri imakhala ndi koyilo kapena pulagi yotopa, pakuti moto wofooka umalephera pamene injini yalemedwa. Imene imanjenjemera ikaima koma n'kukhala bwino mukaponda moto, nthawi zambiri imakhala ikuyamwa mpweya pa kapayipi kong'ambika, ndipo mukatsegula boneti n'kutchera khutu mumamva kamluzu kake. A ma Passo ndi ma Vitz a injini ya 1KR akumbukire kuti injini yawo ili ndi masilinda atatu, choncho kunjenjemera pang'ono ndi chibadwa chake. Koma nyali yachikasu ya injini ikayamba kuphethira, osati kungoyaka, ulendo uyenera kuima, chifukwa petulo wosapsa akukapsera m'chosefera utsi cha mu ekizozi, chimene ndi chodula kuposa makoyilo onse pamodzi.

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi polumikizira makina owerengera zolakwika pansi pa chiwongolero, ndipo kachida kowerengera kolumikizana ndi foni sikasowanso m'masitolo, ngakhale kuti kotchipa kamakana magalimoto ena akale. Nambala ya P0301 imatanthauza kuti silinda yoyamba ndiyo ikumisa, P0302 yachiwiri, mpaka P0304, pamene P0300 imatanthauza kuti kumisako sikuli pa silinda imodzi. Apa ndi pamene anthu amatayira ndalama, chifukwa nambalayo imangoloza silinda, sinena kuti chawonongeka n'chiyani. Chotsani koyilo ya silinda imeneyo, muisinthanitse ndi ya silinda ina, mufufute nambalayo, muyende pang'ono. Vuto likasamukira komwe koyilo yapita, mwagwira wolakwa ndipo mugula imodzi yokha. Likatsala pomwe linali, chitani chimodzimodzi ndi pulagi. Zonse ziwiri zikapezeka zabwino, ndiye kuti nkhani ili pa injekitala (kachipangizo kopopera petulo mu injini), pa mawaya kapena m'kati mwa injini. Amene alibe makinawo angathe kuzula cholumikizira cha koyilo imodziimodzi kwa kanthawi kochepa injini ikulira: silinda yamoyo ikazulidwa kaliridwe kamasintha pomwepo, pamene yakufa siisintha kanthu.

Pulagi yochotsedwa isatayidwe musanaiyang'anitsitse padzuwa. Nsonga yotuwa kapena yofiirira pang'ono ndi ya silinda yathanzi. Nsonga yakuda bii ndi mwaye wouma imasonyeza kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo kuno kumene fumbi la Okutobala limalowa paliponse, choyamba kukayikira ndi fyuluta ya mpweya. Nsonga yonyowa ndi oyilo ndiyo nkhani yoipa, pakuti oyiloyo akudutsa pa maring'i a pisitoni kapena pa masili (timarabala totchinga oyilo) a mavavu, ndipo utsi wabuluu ku ekizozi umachitira umboni. Koma pali chinthu china chimene ndikufuna owerenga achimvetse bwino, chifukwa ndi pamene mavuto awiri aja amakumanirana. Mukasolola koyilo n'kupeza rabala yake yanyowa ndi oyilo, yafufuma kapena yang'ambika, ndipo mukaunika ndi tochi m'dzenje la pulagi n'kuona kadziwe ka oyilo katazungulira mbali yoyera ya pulagiyo, injini yanu siinathe. Yatha ndi gasketi (rabala yotchinga oyilo) ya chivundikiro cha pamwamba pa injini pamodzi ndi masili ozungulira maenje a mapulagi, amene amauma ndi kutentha n'kusanduka olimba ndi ophwanyika. Oyiloyo amadya rabala ya koyilo, moto n'kumathawira m'mbali osafika pa nsonga. Munthu amene waika koyilo yatsopano m'dzenje lotere osasintha gasketi adzagulanso ina miyezi ingapo isanathe, ndipo adzanena kuti anamugulitsa yachinyengo.

Ntchito yosintha gasketi imeneyi ndi yotheka pakhomo pa injini ngati 1NZ ya m'ma Sienta ndi ma Probox, ndipo mabawuti ake ambiri ndi a sipanala ya 10. Injini izizire kaye, chifukwa mutu wake ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kuphwasuka. Oyilo wa m'dzenje aumitsidwe ndi kansalu pulagi isanamasulidwe, kuti asatsikire mu silinda. Malo okhalapo gasketi apukutidwe mpaka ayere, ndipo silikoni aikidwe kadontho kokha pamene zitsulo ziwiri zakumana, osati kumata mbali yonse. Ndimadandaula kwambiri ndi kamatidwe ka silikoni kamene kafala m'magaraja athu a pansi pa mitengo, pakuti wotsalira m'kati amathothoka, amatsikira mu sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) n'kutseka kasefa ka pampu ya oyilo, ndipo injini imene inkangodontha imadzanoka. Mabawuti amangidwe mofatsa kuyambira pakati kupita kunja, ndipo pulagi iliyonse iyambe kulowetsedwa ndi dzanja sipanala isanagwire.

Sindingasiye nkhani ya petulo. Pa nthawi zimene mafuta akhala akusowa m'dziko muno, ambiri tapulumukira petulo wa m'zigubu, amene sitidziwa kuti wasungidwa motani kapena wathiridwa chiyani. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene wakhala akupangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho chigubu chosatseka bwino m'nyengo ya dzinja chimasonkhanitsa madzi ngakhale wogulitsayo ali wachilungamo. Galimoto imene inali bwinobwino n'kuyamba kumisa masilinda onse itangomwa mafuta otere siifuna makoyilo. Thirani pang'ono m'botolo loonekera m'kati, muliike pamthunzi kutali ndi moto, ndipo ngati muli madzi mudzaona atakhazikika pansi, petulo ali pamwamba.

Pa kudontha kwa oyilo, cholakwa chathu chachikulu ndi kuzolowera. Madalaivala ambiri amayenda ndi kabotolo ka oyilo m'buti, n'kumaonjezera m'mawa uliwonse, zomwe sizisiyana ndi kutunga madzi m'dengu. Injini yodzola matope ndi oyilo siingauze munthu pamene yabooka, choncho itsukidwe kaye mosamala, popewa kuthira madzi pa makoyilo ndi pa zolumikizira mawaya, kenaka iumitsidwe. Yalani katoni pansi pake usiku, ndipo m'mawa muone malo ndi mtundu wa madontho. Akuda kapena abulauni ndi a injini, ofiira nthawi zambiri ndi a giyabokosi, pamene madzi oyera mbee pansi pa mbali ya wokwera amakhala a makina oziziritsa m'kati ndipo si vuto. Oyilo amatsika pansi ndipo mphepo imamukankhira m'mbuyo, choncho pamene akudonthera si pamene akuchokera. Mulondoleni ndi tochi mpaka pamalo okwera kwambiri pamene pali ponyowa. Mudzadabwa kuti kangati chimene chimatchedwa kubooka kwa sampu chimakhala wochala wa bawuti yokhuthulira oyilo amene wagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, fyuluta yomangidwa pamwamba pa rabala yakale imene inakanirira, kapena kaswichi ka nyali ya oyilo kamene kang'aluka.

Palinso kavavu kakang'ono kotchedwa PCV, kamene kamakhala pa chivundikiro cha pamwamba n'kumatulutsa mpweya wodzadza m'kati mwa injini. Kakatsekeka, mpweyawo umakankha oyilo pa sili iliyonse yofooka, ndipo mungasinthe magasketi kangapo kudontha osatha. Kabwinobwino kamalira mukakagwedeza pafupi ndi khutu. Kudzaza oyilo mopyola mzere wa pamwamba wa kandodo koyezera kumabweretsa vuto lomwelo. Chizolowezi chothira oyilo wolemera kuti atseke podontha nachonso sindigwirizana nacho, chifukwa injini za Toyota zolembedwa kuti VVT-i zimadalira oyilo wodutsa m'tinjira ting'onoting'ono, ndipo mtundu woyenera ndi umene wopanga galimotoyo analemba. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa ulendo, zimitsani injini pomwepo, ngakhale muli pakati pa Benga ndi Nkhotakota dzuwa litalowa, pakuti nyaliyo siinena kuti oyilo wachepa pang'ono, ikunena kuti sakufikanso m'mabeyaring'i.

Sindikunena kuti amakanika alibe ntchito. Oyilo wodontha pamene injini yalumikizana ndi giyabokosi amafuna kutsitsa giyabokosi. Oyilo wosanduka ngati tiyi wa mkaka, madzi omachepa mu radiyeta popanda podontha, ndi utsi woyera wosatha ngakhale injini yatentha, zimaloza gasketi ya mutu wa injini, ndipo imeneyo ndi ya munthu wodziwa kuyeza. A ma Aqua ndi ma Prius asakhudze mawaya a mtundu wa lalanje, chifukwa mphamvu yake ndi yakupha. Koma mwini galimoto amene afika ku garaja akudziwa silinda imene ikumisa ndi malo amene oyilo akuchokera, amakambirana ndi makanika mwaulemu wa anthu awiri odziwa, ndipo makanika woona mtima amakondwera naye. Ndipemphenso kuti pasapezeke wolowa pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha kapena pa njerwa, makamaka pa mchenga wathu uno umene umatitimira, komanso kuti oyilo wakutha asamatayidwe m'ngalande, popeza mvula ikagwa amathera mu Linthipe ndi m'nyanja momwe timapha chambo ndi usipa.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mutipatse tsamba la zamagalimoto m'Chichewa, ngakhale kamodzi pa mwezi, pamene amisiri ophunzira angamayankhe mafunso a owerenga, chifukwa pafupifupi zonse zolembedwa pa nkhanizi zili m'Chingerezi, ndipo mabuku amene amabwera ndi magalimoto athu ali m'Chijapani. Ndikupemphanso a TEVETA ndi a Salima Technical College ku Senga Bay kuti aganizire za maphunziro afupiafupi a Loweruka a madalaivala a matakisi ndi maminibasi, ophunzitsa kuwerenga pulagi, kusinthanitsa makoyilo ndi kulondola oyilo, pa mtengo umene dalaivala wa Sienta angakwanitse.

Wowerenga wanu,
Kamuzu Road, Salima