Mabwalo a ndege a m'maesiteti aziyenderedwa

Wolemekezeka Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mabwalo a ndege zing'onozing'ono a m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje. Bwalo la kapinga likanyowa ndi mvula limaterera, mabuleki sagwira msanga, ndipo ndege ikhoza kupitirira malire n'kukagwera m'munda. Chiperoni chikatsika mu Juni ndi Julaye woyendetsa ndege saona bwalo, ngakhale phiri lenilenilo. Tisaiwale kuti ndege imene inagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi ana a sukulu, othyola tiyi komanso mbuzi zimene zimadutsa pabwalo lopanda mpanda ndege ili pafupi kutera. Ndikupempha eni mabwalowa kuti amange mipanda, azitchetcha udzu ndi kugumula zulu, ndiponso akuluakulu oona za ndege aziwayendera mvula isanayambe.

Wokhudzidwa,
Thyolo