Lamulungu limene akulandani ku Joni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg. Kuno mvula yayamba, anthu ali kalikiliki kubzala.

Nkhani munandiuza pa foni ija sikuchoka mumtima mwanga, yoti kuntchito kwanuko mumapuma Lachitatu, mwina Lachinayi, malinga ndi mmene abwana alembera, ndipo Lamulungu limakupezani mutaima pa geti. Munati zilibe kanthu, bola kupumako. Ine ndikukana.

Tsiku timalidziwira dzuwa, mwezi timauona kumwamba, koma sabata ilibe chizindikiro kumwambako. Anthu amachita kuisunga okha. Ayuda anaisunga kuyambira kalekale ndi Sabata lawo, ndipo mu 321 mfumu ya Aroma, Constantine, inalamula kuti oweruza milandu ndi amisiri a m'mizinda azipuma Lamulungu. Alimi okha inawalola kupita kumunda, poti nyengo yobzala siidikira munthu. Makolo athu ankawerenga miyezi, dzinja, masika ndi chilimwe. Sabata inakhazikika kuno ndi amishoni, a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, kenaka ndi ntchito ya m'maesiteti ndi m'boma: Lolemba kulembedwa ntchito, Loweruka kuweruka.

Lero yatilowa m'magazi. Lachisanu masana Asilamu ku Mangochi amadzaza mizikiti, Loweruka a Seventh Day ku Malamulo sagwira khasu, ukwati ndi chinkhoswe timaziika kumapeto kwa sabata kuti abale athe kubwera. Tonsefe tikufuna chimodzi, kupuma pamodzi ndi anthu athu.

Ku Soviet Union anayesapo zimene akukuchitanizo. Mu 1929 boma linagawa antchito m'magulu asanu, gulu lililonse ndi tsiku lakelake lopuma, kuti makina m'mafakitale asamazime. Bambo akapuma, mayi ali kuntchito, anzake onse kulibe. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo pofika 1940 sabata ya masiku 7 inabwerera. Mwaona? Lachitatu lanulo mumatha kugona ndi kuchapa zovala, koma mucheza ndi ndani, anzanu a kumudzi onse ali pa ntchito, tchalitchi chili chotseka?

Ndikudziwa kuti ntchito kumeneko ndi yosowa, ndipo mlendo sayankhula mokweza. Komabe apempheni abwanawo, kapena sinthanani ndi mnzanu, mupeze Lamulungu limodzi pa mwezi. Ana anu amakhala pakhomo tsiku limenelo, ndipo foni yanga ndidzawabwereka kuti mucheze nawo mosathamanga.

Alamu anu akupereka moni. Mundiuze zimene abwanawo ayankhe.

Ine mnzanu wa kumudzi