Kwa akuluakulu a banki: khadi ndi PIN zikuwasautsa agogo athu kuno ku Kasungu

Akuluakulu a banki, takulandirani ndi manja awiri kuno ku Kasungu kwa zaka zambiri, ndiye tiloleni tidandaule pagulu kuti ena amve nawo. Nkhani ndi ya makasitomala anu achikulire, khadi la ATM ndi PIN.

Mukamapereka khadi mumanena malamulo awiri: PIN osailemba paliponse, PIN osauza munthu. Malamulowo ndi abwino, sitikuwatsutsa. Koma tayang'anani amene mukuwauzawo. Aphunzitsi opuma ntchito amagwira khadi kamodzi pamwezi, penshoni ikalowa. Mlimi wa fodya wa ku Chamama kapena ku Santhe amaligwira nyengo ya msika yokha, mabelo akagulidwa ku Chinkhoma, ndipo msika ukatsekedwa khadilo limagona m'chikwama mpaka chaka chamawa. Manambala anayi amene munthu sanasankhe yekha, osamukumbutsa kanthu, owagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo, ngakhale mnyamata amawaiwala. Nanga agogo a zaka 75 amene maso anachita kale ng'ala?

Chimene chimachitika mukuchidziwa. Ena amalemba PIN kuseri kwa khadi, pamzere wosayinira paja. Ena amaikulunga m'kapepala n'kumanga pamodzi ndi khadi pansonga ya chitenje. Ambiri amangopereka zonse kwa mdzukulu, kapena kwa aliyense wooneka waulemu pamzere. Ndalama zikasowa, yankho la pa kauntala ndi lakuti munaulula nokha PIN, banki ilibe mlandu. Lamulo limene munthu sangathe kulisunga, inu osamupatsa njira ina, likuteteza banki yokha.

Tiyambe ndi makinawo. Pambali pa manambala pali mabatani atatu olembedwa m'Chingerezi: lobiriwira lotsimikizira, lachikasu lofufutira, lofiira losiyira zonse. Palibe amene amawafotokozera agogo zimenezi tsiku lolandira khadi. Chala chikaterereka n'kudina nambala yolakwika, mankhwala ake ndi batani lachikasu, ndipo makina sawerenga kanthu. Koma iwo amadina lobiriwira, n'kukhala alakwa koyamba. Pagalasi pamangooneka tinyenyezi, ndiye sangadziwe ngati batani lagwira kawiri kapena silinagwire n'komwe, makamaka masana dzuwa likamawomba pagalasipo. Akalakwa katatu khadi limatsekedwa, pena kumezedwa kumene.

Apa pali chinthu chimene ngakhale ophunzira ambiri sachidziwa. Ukalakwa kawiri n'kusamukira pa makina ena, zolakwazo sizifufutika, chifukwa kuwerengako kumatsata khadi, osati makina amene waimapo. Zimafufutika ukalemba PIN yolondola. Chiyambireni National Switch, njira yolumikiza makina a mabanki osiyanasiyana, mu 2015, khadi la banki imodzi limagwira pa makina a banki ina, ndiye agogo akakanika kawiri pa makina anu amawoloka msewu kukayesa kwina, poganiza kuti vuto ndi netiweki. Kulakwa kwachitatu kumachitikira komweko, ndipo khadi lomezedwa ndi makina a banki ina silibwezedwa pomwepo. Nthawi zambiri amauzidwa kuti akapemphe lina ku banki yawo, lolipira. Kachikwangwani kamodzi ka Chichewa, ka zilembo zikuluzikulu, konena kuti mukalakwa kawiri imani, lowani m'banki, kakanapulumutsa makhadi ambiri. Kodi kameneka kakukanikani?

Palinso liwiro. Khadi likatuluka osalitenga msanga, makina amalikokanso, ndalama chimodzimodzi. Munthu amene dzanja lina lili pa ndodo, lina likufufuza magalasi, nthawi imeneyo siimukwanira.

Khadi likatsekedwa, mwini wake ayenera kubwera yekha ku nthambi ndi chiphaso cha unzika. Kwa wa pa Boma ndi nkhani yaing'ono. Kwa agogo a ku Chulu ndi kabaza, kenako galimoto, kenako mzere wa kumapeto kwa mwezi, ndipo akauzidwa kuti mubwerenso sabata yamawa, ndalama yoyendera yadya gawo la penshoni yomwe anadzera. Alimi a fodya ali ndi mtolo wina: akaunti ikakhala miyezi yambiri osagwiritsidwa ntchito imagona, ndipo amadzadziwira pa makina, atayenda kale ulendo wonsewo.

Tsono pempho lathu lalikulu ndi la tsiku lopereka khadi. Musamangopereka envelopu. Wantchito wanu atuluke nawo agogo kupita pa makina, awaonetse mabatani atatu aja ndi kadontho kotukuka ka pa 5 kamene kamathandiza chala kupeza manambala ena popanda kuyang'ana, kenako atembenuke kumbali iwo asinthe PIN n'kuika yawoyawo. Ailembe okha kawiri kapena katatu, afunse ndalama zotsala, kuti chala chizolowere. Mphindi khumi zikwana.

Posankhapo pafunika malangizo, poti akasiyidwa okha amasankha chaka chobadwa, ndipo chakacho chalembedwa pa chiphaso cha unzika chimene chili m'chikwama chomwecho ndi khadi. Wakuba akatola chikwama amayamba kuyesa chimenecho, kenako 1234, 0000 ndi manambala omaliza a foni. Njira yabwino ilipo. Achikulire ambiri amadziwa pamtima manambala a nyimbo za kutchalitchi, ena chaputala ndi ndime ya m'malemba, ena chaka chimene anagula ngolo yoyamba. Asankhe manambala kuchokera m'zoterozo, zosalembedwa pa chikalata chilichonse cha boma. Ngati akufuna chowakumbutsa, alembe mawu okha, monga akuti nyimbo ya pa ukwati wathu, m'kope lotsala kunyumba. Wopeza kopelo sapeza nambala, ndipo khadi silikhala pamodzi nalo. Malangizo oterewa ndi othandiza kuposa kungoti osalemba, poti akulembabe, kungoti mobisa kwa inu.

Za akuba nazo muzinene poyera. Chinyengo chofala n'chosinthanitsa makhadi. Munthu amadzipereka kuthandiza, amaonerera PIN ikulembedwa, amagwira khadi ngati akulipukuta, n'kubweza lina lofanana mtundu. Agogo amapita kwawo ndi khadi lakufa, lawo likutapidwa ndalama. Makhadi anu ambiri ndi ofanana, ndiye auzeni aike kadontho ka utoto wopaka zikhadabo pangodya, kutali ndi kachitsulo konyezimira kaja komanso mzere wakuda wa kuseri, kuti azilizindikira lawo. Pa masiku a penshoni ndi a msika wa fodya ikani pa makina wantchito wovala yunifolomu ndi baji, wodziwa kuthandiza popanda kugwira khadi kapena kuona PIN. Alonda ntchito yawo ndi ina, musawasenzetse imeneyi.

Mauthenga a pafoni onena kuti ndalama zatapidwa amabwera m'Chingerezi, ndipo foni yake nthawi zambiri ili m'manja mwa mdzukulu yemweyo amene ali ndi khadi. Atumizeni m'Chichewa, ndi m'Chitumbuka kwa a kumpoto kwa boma lino monga ku Nkhamenya, ndipo lolani mwini akaunti kulembetsa nambala yachiwiri ya mwana amene amamukhulupirira. Muwonjezerepo chikumbutso chakuti banki siimba foni kufunsa PIN, kapena manambala atatu a kuseri kwa khadi, kapena nambala yobwera pa uthenga. Oimba foni onamizira kuti ndi a ku banki amadalira ulemu wa achikulire, amene kukana munthu wa ku ofesi amakuona ngati mwano.

Ndipo tisanamizane, alipo agogo amene PIN sadzaikwanitsanso, kaya chifukwa cha maso, manja onjenjemera kapena kuiwala kwa ukalamba. Amenewa akufunika njira yovomerezeka yotumira munthu. Fomu yopatsa wachibale chilolezo chotapa ndalama ikhalepo pa kauntala, yomasuliridwa, yosainidwa pamaso pa wantchito wanu, wotumidwayo akhale ndi khadi lake ndi PIN yake, ndiponso malire a ndalama zimene angatape patsiku, oikidwa ndi mwini akaunti. Zikatero ndalama zikasowa zimadziwika kuti watapa ndani. Chidindo cha chala nachonso si chachilendo m'dziko muno: makhadi a Malswitch ankagwira ntchito ndi chala m'zaka za m'ma 2000, ndipo NRB, bungwe lopereka ziphaso za unzika, inatenga zidindo za anthu pa kalembera wa 2017. Mukachibweretsa pa kauntala, lembetsani zala zingapo, chifukwa zala zimene zagwira khasu ndi kusoka fodya zaka makumi asanu mizere yake inafufutika, ndipo makina amakana chala chimodzi kawirikawiri.

Yankho lanu tilifuna pompano pamene tafunsira, osati lija lakuti titumizireni uthenga kumbali. Mutiuze zimene muyambe nazo pa nthambi ya Kasungu, ndi mwezi wake. Mukakhala chete, dandauloli tilipereka m'kalata ku Reserve Bank of Malawi, imene imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki.