Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Nthambi ya Zankhalango: phiri la Mulanje m'miyezi ya moto

Wolemekezeka Bwana Mkulu,

Ndikulemba kalatayi ndili ku Likhubula, kumene ndimagwira ntchito yoperekeza alendo kuphiri la Mulanje. Ndailemba poyera chifukwa nkhani yake si yanga ndekha. Ikukhudza anzanga onyamula katundu wa alendo, amayi otola nkhuni, mafumu a m'mphepete mwa phiri, ngakhalenso anthu a ku Blantyre amene akumwa madzi a mtsinje wa Likhubula kudzera m'mapaipi a Blantyre Water Board. Pempho langa ndi lakuti ntchito ya chaka chonse yosamalira phirili muziikonza maso anu ali pa miyezi ya Ogasiti, Seputembala, Okutobala ndi Novembala, chifukwa ndi m'miyezi imeneyi mmene phiri limapulumukira kapena kuwonongekera.

Chiperoni chikangotha, phiri limasintha. Mitengo ya mombo ndi tsamba ya m'munsi imaphukira masamba ofiira mvula isanagwe. Njira zimauma, miyala imaleka kuterera, mitsinje imawolokeka, ndipo alendo amachuluka m'nyumba zogona za ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu. Ambiri amafuna kukafika pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002. Nthawi yomweyi kumafikanso mlendo wina amene salembetsa ku ofesi: namzeze wabuluu, amene amakhala miyezi yozizira kudera la nyanja ya Victoria, ku Uganda ndi ku Kenya, n'kubwera kudzaswa m'madambo a udzu a pamwamba pa mapiri ngati Mulanje ndi Nyika. Mbalame imeneyi simanga chisa pakhonde la nyumba ngati namzeze amene tinamuzolowera. Imamanga m'maenje ndi m'zigwembe za pansi, ndipo imadya tizilombo touluka pamwamba pa udzu. Ili m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo padziko lonse. Ikafika n'kupeza dambo lonse lili lupsa lokhalokha, chakudya cha ana ake chimakhala chapita ndi utsi.

Ndiye kuti nyengo imene phiri limalandira alendo, imene zamoyo zikukonzekera kuswana, ndi yomweyonso imene udzu wauma kotheratu ndipo mphepo ikukuntha. Moto wa mu Okutobala si wofanana ndi wa mu Juni. Umathamanga, umalumpha mitsinje ing'onoing'ono, umakwera zigwa n'kunyambita m'mphepete mwa nkhalango zobiriwira zimene zabisala m'makwawa. Chaka chilichonse nkhalango zimenezo zimabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo sizibwereranso pamene zinali.

Moto umenewu sugwa kumwamba. Alenje amayatsa kuti avumbulutse akalulu, mbawala ndi nguluwe zithawire kumene kuli agalu ndi makhwekhwe. Ocheka matabwa ndi ootcha makala amasiya zikuni zikufuka. Nthawi zina ndi mlendo amene wataya ndudu, kapena gulu limene laphika panja n'kuchoka osathira madzi pamoto. Mukadutsa pamene moto wapita dzulo lake, phulusa limakhala likadali lofunda kuphazi. Mumaona zigoba za nkhono zayera mbee, nanzikambe wauma ali chigwirire kanthambi chifukwa liwiro alibe, ndi timitengo ta mkungudza tofika m'bondo titasanduka tofiirira, mzere wonse monga anatidzalira. Amene anasenza mbande zimenezo pamutu kuchokera ku nazale za m'midzi, kukwera nazo maola ambiri, ndi amayi ndi anyamata amene timakumana nawo pamsika wa Chitakale. Ndikawauza zimene ndaona kumtunda, amangogwira pakamwa.

Za mkungudza mukuzidziwa kuposa ine. Mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha, ndipo mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Thabwa lake ndi lonunkhira ndipo chiswe sichilidya, n'chifukwa chake macheka sanaupatse mpata. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha imene inatsala chiimire. Chiyambire nthawi imeneyo, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, akatswiri a kafukufuku wa zankhalango a FRIM ndi a Botanic Gardens Conservation International, pamodzi ndi anthu a m'midzi, adzala mbande zambirimbiri. Ntchitoyo ndi yotamandika. Koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo kamtengo ka zaka zitatu kapena zisanu sikangapirire moto wa chilimwe. Dziko lathu lili ndi nyengo yodzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo nyengo imeneyo timaichitira mwambo, akuluakulu amabwera, atolankhani amajambula. Nyengo yoteteza zimene tadzalazo ilibe mwambo, ilibe tsiku, ndipo kawirikawiri imadutsa mwakachetechete. Ine ndikuona kuti tikanasiya kuwerenga mbande zodzalidwa mu Januwale n'kuyamba kuwerenga zimene zikadali zamoyo chizimalupsa chikagwa, tikanadziwa bwino pamene tili.

M'mera n'poyamba, Bwana. Njira zotchinga moto zimayenera kulambulidwa mu Meyi ndi Juni, ndipo kutentha udzu mwadala m'mphepete mwa nkhalango kumachitika udzuwo ukadali ndi chinyontho, m'mawa kapena madzulo, moto ukadali womvera. Ndalama ya ntchito imeneyi ikafika mu Seputembala imakhala yafika kumaliro. Popeza chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba mu Epulo, ndikupempha kuti gawo la Mulanje lolambulira njirazi likhale m'gulu la zoyamba kutuluka, ndipo aganyu ake achokere m'midzi yozungulira phiri kudzera m'makomiti a zachilengedwe a m'midzi ndi mafumu awo. Munthu amene walambula yekha njira ya moto ndipo walipidwa pa nthawi yake sayang'anira kumbali mnzake akamayatsa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pamwamba pa phiri pazikhala magulu ogona konko, okhala ndi chakudya, nsapato, zothimitsira moto ndi mafoni. Kuchokera ku Likhubula kufika ku Chambe ndi ulendo wa maola atatu kapena anayi kwa munthu wamba. Moto ukabuka masana, oyambira pansi amakafika ntchito itatha kale.

Pali china chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa. Phirili lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo kwa zaka zambiri timaliona ngati nkhokwe ya matabwa, ya mkungudza kenako ya paini. Komatu ndi pothawira nyama. Kuno kuli chinkhoma chimene chimaima pamwala ndi nsonga za ziboda, kuli nchima m'nkhalango za m'makwawa, mbira m'mapanga, mbawala, njuzi, ndiponso achule, abuluzi ndi ananzikambe ang'onoang'ono amene sapezeka kwina kulikonse. M'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, kumene minda ya tiyi ndi ya chimanga yadzaza paliponse, nyama zimenezi zilibe kwina kolowera. Choncho mlonda wa nkhalango asamangofufuza macheka ndi matumba a makala. Aphunzitsidwe kuzula makhwekhwe, kulemba nyama zimene waona, ndi kugwira ntchito limodzi ndi anzake a Nthambi ya Malo Osungirako Nyama Zakutchire. Malamulo alipo kale, la zankhalango la 1997 limene linakhwimitsidwa mu 2020, ndi la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017. Chimene chikufunika ndi anthu oyenda m'tchire m'miyezi yoyenera.

Tikafuna kuona kumene kulekerera kumathera, sitifunika kupita kutali. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira, ndipo mbalame ina yosowa, imene akatswiri amaitcha Thyolo alethe, inatenga dzina lake kumeneko. Ndi kambalame kamanyazi ka pansi pa mitengo, kamene kamatsatira linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa. M'zaka zochepa chabe, chakumapeto kwa ma 1990 ndi kumayambiriro kwa ma 2000, nkhalangoyo inadulidwa pafupifupi yonse n'kusanduka minda. Timagawo timene tinatsala ndi tija tili m'malo a esiteti ya tiyi. Lero nkhalango za Mulanje ndi amodzi mwa malo ochepa amene mbalameyi yatsalira.

Za alendo ndiyankhule monga mwini ntchito, pakuti ndiwo amatidyetsa. Timawafuna, ndipo ndimasangalala kwambiri kuona kuti masiku ano si azungu okha. Ana asukulu, magulu a mipingo, achinyamata a ku Blantyre ndi ku Zomba akukwera phiri, ndipo mpikisano wa onyamula katundu wa chaka ndi chaka umakopa anthu ochuluka. Koma pa Dziwe la Nkhalamba, malo amene makolo athu ankawalemekeza, patsiku latchuthi pamatsala mabotolo, mapepala apulasitiki ndi zotengera zakudya, ndipo zimkuzamawu zimathamangitsa chilichonse chokhala ndi mapiko. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri kuti zithe. Pakhomo lililonse lolowera kuphiri pakhale chikwangwani cha Chichewa ndi Chingerezi chonena momveka kuti m'miyezi ya moto kuphika n'kwa m'nyumba zogona basi, kuti munthu asapatuke panjira m'madambo amene mbalame zikuswa, ndi kuti chimene wakwera nacho atsike nacho. Gulu lalikulu lisakwere popanda woperekeza wovomerezeka. Ndipo mlendo akalipira pakhomo alandire lisiti, gawo la ndalamayo libwerere kuphiri konkuno poonekera: denga la nyumba yogona, chimbudzi, mlatho, malipiro a olambula njira. Anthu a m'midzi akaona kuti mlendo wobwera kudzaona chinkhoma chamoyo wasiya kanthu m'mudzi, nkhani ya makhwekhwe imayamba kukambika mosavuta pabwalo la amfumu.

Ife operekeza alendo ndi onyamula katundu tili paphiri pafupifupi tsiku lililonse la chilimwe. Timaona utsi ukangoyamba, timadziwa njira za ocheka, timapunthwa pa misampha. Tipatseni nambala imodzi yoimbira imene ikuyankhidwa usana ndi usiku, ndipo wopereka uthenga atetezedwe, chifukwa amene tikuwanenawo nthawi zambiri ndi anthu a mudzi umodzi ndi ife, ena ndi abale.

Ena amati Mulanje ingoperekedwa kwa bungwe ngati mmene Majete inaperekedwera kwa African Parks, bungwe loyendetsa malo osungirako nyama, mu 2003, kapena Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Zimene zachitika ku Majete ndi zosiririka, koma phiri lino simungalizinge ndi mpanda. Anthu amatungamo madzi, amamwetamo udzu wofolera, amatolamo bowa, masuku ndi mankhwala, ndipo kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao ndi malo a mizimu ya makolo. Ndi chifukwa cha chikhalidwe chimenechi kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, imene inalizindikira kale phirili mu 2000 ngati malo ofunika a zachilengedwe, inaliikanso mu Julayi 2025 pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Phunziro limene ndikutenga ku Majete ndi la ndalama yodalirika ndi antchito amene ali pamalo chaka chonse. Ulemu wa UNESCO ukhalenso m'maganizo mwanu pamene nkhani ya migodi ya ku Lichenya ndi ku Chambe ikubwera patebulo lanu. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, miyala ndi matope zikutsika m'mapiri n'kukwirira midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, sititenga mopepuka chilichonse chovula phiri.

Ndikukupemphani kuti chaka chino mubwere mu Okutobala. Tidzakwere limodzi njira ya Chapaluka mpaka ku Chambe, mudzagone kumtunda usiku umodzi, mudzayende m'malo amene anadzalamo mkungudza, ndipo mudzamve kuchokera kwa alonda anu ndi kwa mafumu zimene akusowa kuti njira za moto za chaka chamawa zilambulidwe Juni asanathe.

Ine wanu,
Woperekeza alendo kuphiri,
Likhubula, Mulanje